Dzina lomwe mulibe m'kaundula

Aliyense amene analembapo Chichewa mu Microsoft Word akukadziwa kamzere kofiira kokhotakhota kaja. Mukalemba "ndikupita kumunda", kamzere pansi pa mawu onse awiri. Mukalemba dzina la mudzi wanu, kamzere. Pofika kumapeto kwa tsamba, pepala lonse limakhala ngati apherapo nkhuku. Word inayamba kujambula timizere timeneti mu 1995, ndipo imene ili m'malaputopu a ambirife imafufuza mawu m'dikishonale ya Chingerezi, ndiye liwu lililonse lomwe mulibe m'menemo imaliyesa lolakwika. Ife tinachita zomwe munthu amachita ndi galu wouwa usana ndi usiku: tinasiya kumumva. Maso athu amadutsa pa zofiira zonsezo osaphethira.

Mu Word chizolowezi chimenechi chilibe vuto. Vuto limayamba tsiku lomwe mwatsegula VS Code kapena PyCharm, mwayamba kulemba Python, ndipo kamzere kangati komweko katulukira pansi pa liwu lina. Pamenepo kamzereko sikakunena za Chingerezi chanu ayi. Kakunena kuti mwaitana dzina lomwe simunalilembe paliponse, ndipo nthawi zambiri kamakhala kakunena zoona.

Ena mufunsa kuti mwana wa humanities za code zamukhudza bwanji. Zinatikhudza kale. Wophunzira ziyankhulo akufuna kuwerenga kuti liwu lakutilakuti lapezeka kangati m'nkhani zikwi ziwiri za m'nyuzipepala. Wa mbiri yakale ali ndi mayina ambirimbiri ochokera m'mabuku a kaundula oti awasanje. Womaliza sukulu akapeza kantchito kubungwe, tsiku lachiwiri lomwe amupatsa mayankho a kafukufuku kuti awayeretse. Tonsefe timathera pa Python, ndipo ambirife timaiphunzira tokha, pa YouTube, usiku, bandulo ikutha. Palibe amene amatikhazika pansi n'kutiuza kuti timizere tija tili mitundu iwiri, tina tabodza tina toona.

Tiyambire pa chinthu chomwe tonse tikuchidziwa. Mnzanu atalowa m'chipinda n'kungonena kuti "chagwa", mumufunsa kuti "chiyani?" Ka "cha" kaja kamaloza chinthu chomwe chinayenera kutchulidwa kale, kaya chitseko, kaya chikwama, kaya chimanga cha m'nkhokwe. Ngati sichinatchulidwe, mawuwo galamala yake ndi yabwinobwino koma sakuloza kalikonse. Pulogalamu ya kompyuta nayo imayendera mayina. Mumaiuza kuti makilo ndi 52, mtengo ndi wakutiwakuti, kenako mumailamula kuti ichulukitse ziwirizo. Mukatchula dzina lomwe simunalipatse kanthu, mwanena "chagwa" kwa munthu amene sanamve chiyambi cha nkhani.

Ziyankhulo za kompyuta zimasiyana pa nthawi yomwe zimafunsa "chiyani?" uja. Java ndi C zimafunsa ntchito isanayambe. Zili ndi compiler yomwe imawerenga pulogalamu yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, ikapeza dzina lachilendo imakana, ndipo simuyendetsa ngakhale mzere umodzi mpaka mutakonza. Python, imene Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, ndi JavaScript, imene Brendan Eich anailemba ku Netscape mu 1995, zili m'gulu lina. Izi zimayamba kaye ntchito, n'kumafufuza dzina lililonse pokhapokha zikafika pa mzere womwe dzinalo lili. N'chifukwa chake zimakoma kuphunzira: mwalemba mizere itatu, mwayendetsa, mwaona zotsatira, mtima wakhala pansi. Koma mzere womwe pulogalamu sinapondepo, mayina ake Python siwafunsa. Angathe kukhala pamenepo miyezi isanu ndi umodzi, olakwika, ali phee.

Kwathu ku Thyolo nkhaniyi siivuta kumvetsa, chifukwa moyo wa m'maesiteti a tiyi umayendera mayina olembedwa. Kaya ndi ku Satemwa, komwe kunatsegulidwa mu 1923, kaya ku Conforzi, ku Naming'omba kapena ku Makandi, dongosolo lake ndi lodziwika: wothyola tiyi amabwera ndi dengu pasikelo, kalaliki amayeza masamba, n'kulemba makilo pa dzina kapena nambala ya munthuyo. Makilo olembedwawo ndi amene amasanduka ndalama, osati amene anali pamsana. Agogo athu anaphunzira zimenezi movutika nthawi ya thangata, lomwe linathetsedwa mu 1962, pamene tsiku lomwe kapitawo sanalichonge pa tikiti linkakhala ngati silinagwiridwe ngakhale thukuta linatuluka. Mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU anasainirana pangano loyamba lokambirana za malipiro, chinthu chachikulu ndithu. Komabe pangano lililonse limakafika m'thumba la munthu kudzera m'kaundula. Kaundula akasokonekera, zomwe anagwirizana akuluakulu zimathera papepala.

Ndiye taganizirani makapitawo awiri. Woyamba amaitana mayina m'mamawa anthu asanalowe m'munda, ndipo wopezeka kuti mulibe m'buku nkhani yake imakonzedwa pomwepo, dengu lisananyowe ndi mame. Wachiwiri amati lowani muzithyola, za mayina tidzaona pa windo lolandirira ndalama. Woyambayo ndi Java. Wachiwiriyo ndi Python. Wachiwiriyu ntchito imayamba msanga ndipo anthu amamukonda, kufikira tsiku la malipiro.

Tiyerekeze kuti mwamaliza sukulu ndipo mwapatsidwa ntchito yolemba kapulogalamu kowerengera malipiro a othyola tiyi. Lamulo lake ndi lomwe limadziwika m'minda yambiri: pali ndalama ya tsiku, ndipo wopitirira mulingo wa makilo amalandira kena pa kilo iliyonse yoonjezera. Pamwamba mwalemba kuti bonasi ndi ndalama zakutizakuti. Pansi, mutatopa, mwalemba chonchi:

if makilo > mulingo:
    malipiro = malipiro + (makilo - mulingo) * bonansi

Mwaiona "n" yoonjezerayo? Dzina loti bonansi kulibe. Koma pulogalamuyi mwailemba mu July ndipo mwaiyesa ndi makilo a mu July. Aliyense wa ku Thyolo akudziwa kuti nyengo yozizira ndi youma tiyi saphuka msanga, madengu amapepuka. Ngati m'mayina omwe munayesera munalibe wopitirira mulingo, Python sinalowe n'komwe mu mzere wachiwiriwo. Pulogalamu yayenda bwino, abwana ayamikira. August yadutsa, September yadutsa. Mvula yagwa, tiyi waphuka, minda yabiriwira mpaka m'mphepete mwa msewu wa ku Limbe, ndipo mu January mayi wina wathyola makilo opitirira mulingo. Pulogalamu yafika pa dzina lake, yalowa mu mzere uja koyamba, yaima n'kulemba kuti NameError. Malipiro a onse amene ali pansi pa dzina lake pa mndandandawo sanawerengedwe.

Taonani amene wapwetekeka. Ndi amene walimbikira kuposa anzake, ndipo wapwetekeka mu January, mwezi womwe ufa watha m'nyumba, fizi ya teremu yachiwiri ikufunika, chimanga cha kumunda chikudikira feteleza wachiwiri. Izi sizinangochitika mwatsoka. Mayina olakwika amabisala m'mizere yomwe siiyenda kawirikawiri, ndipo mizere yosayenda kawirikawiri ndi imene imanena za anthu omwe zinthu zawo zasiyana ndi za ena onse: amene anadwala pakati pa mwezi, mayi amene ali pa tchuthi cha uchembere, amene anasamutsidwa kuchoka kumunda kupita kufakitale, amene anagwira ntchito tsiku la holide. Munthu wamba wa tsiku lawamba pulogalamu imamuwerengera bwino nthawi zonse, chifukwa ndi amene munayesera. Wodwala ndi amene amakumana ndi NameError.

Tsopano bwererani mu July muja, pa nthawi yomwe chala chinagunda "n". Editor inajambula kamzere pansi pa bonansi nthawi yomweyo. Pylance, yomwe imathandiza Python mu VS Code, imalemba kuti dzinalo "is not defined". Pyflakes imati "undefined name". Zida zimenezi sizidikira January. Zimawerenga mizere yonse, yoyenda ndi yosayenda yomwe, ngati kalaliki amene wadzipereka yekha kuitana mayina m'mamawa pomwe kapitawo wake sasamala. Nzeru yake si yatsopano: Stephen C. Johnson analemba pulogalamu yotchedwa lint ku Bell Labs mu 1978 kuti izifufuza zokayikitsa mu C, ndipo mpaka lero zida zamtunduwu amazitchula ndi dzina lomwelo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ifeyo mnansi ameneyu timamuyesa Word.

Pali chinanso chomwe chimatikola ife olemba Chichewa kuposa anzathu a ziyankhulo zina, ndipo sindinachionepo m'maphunziro a pa intaneti aja. Ndi l ndi r. Malamulo a kalembedwe amati r amabwera pambuyo pa i ndi e, kwina konse timalemba l, koma pakamwa pathu ziwirizi ndi chimodzi, ndipo pa WhatsApp aliyense amalemba m'mene zamufikira. Malipiro, malipilo. Chiwerengero, chiwelengelo. Munthu wowerenga saona kusiyana, ndipo ali ndi chifukwa, popeza tanthauzo silisintha. Mayina a malo omwe takhala tikuwasintha: Thyolo azungu ankalemba Cholo, Mulanje ankalemba Mlanje, koma palibe anasochera. Kwa Python, malipiro ndi malipilo ndi anthu awiri osadziwana. Ine ndimakonda kupatsa zinthu mayina a Chichewa mu code yanga, ndipo ndikulimbikitsa anzanga kutero chifukwa maganizo amayenda bwino m'chiyankhulo chomwe umalotera. Koma wosankha njira imeneyi akufunika kamzere kaja kuposa wina aliyense, chifukwa diso lake linaleredwa kuti lisaone kusiyana kumeneku.

Ndipo zimatengera mbali yomwe mwalakwitsira. Mukalemba malipiro = malipilo + bonasi, mwaitana dzina lomwe kulibe, editor ichenjeza, Python idzaima. Mukatembenuza n'kulemba malipilo = malipiro + bonasi, Python siidandaula konse. Imangoganiza kuti mwabereka dzina latsopano, n'kuika ndalama zoonjezerazo m'menemo, pomwe malipiro enieni atsala m'mene analili. Palibe NameError, palibe kuima. Mayi uja alandira ndalama ya tsiku yokha, bonasi yake yatsekeredwa m'dzina lomwe palibe adzalitsegule. Apa chenjezo limakhala lofooka. Ngati mzerewo uli mkati mwa function, editor imalifooketsa mtundu dzinalo kapena kukuuzani kuti mwalipatsa kanthu koma simunaligwiritse ntchito. Kachenjezo kotuwa kameneka ndi komwe ambiri amakanyoza kwambiri, chonsecho ndi komwe kakunena za ndalama yosowa mwakachetechete. Pulogalamu yoima ili bwino, chifukwa aliyense amadziwa kuti pali vuto. Yoopsa ndi yomaliza ntchito bwinobwino ndi yankho labodza.

JavaScript ndiye imaposa apa. Mukaitana dzina lomwe kulibe imaima ndi ReferenceError, zofanana ndi Python. Koma mukafunsa mbali ya chinthu yomwe kulibe, mwachitsanzo munthu.malipilo pomwe munasunga munthu.malipiro, imangoyankha kuti undefined n'kupitiriza ulendo. Mukachulukitsa undefined ndi nambala mumapeza NaN, kutanthauza kuti si nambala, ndipo NaN ameneyu amadetsa chilichonse chomwe wasakanizidwa nacho mpaka kukafika pa risiti. Anthu a JavaScript anatopa nazo okha. Mu 2009 anabweretsa "use strict", yomwe imakana kuika kanthu m'dzina losalengezedwa. Mu 2012 Microsoft inatulutsa TypeScript, yomwe imagwira ngakhale mbali zosowazo ntchito isanayambe. ESLint, ya mu 2013, ili ndi lamulo lotchedwa no-undef la ntchito yomweyi. Python nayo inalola kulemba mitundu ya zinthu kuyambira mu 2015. Mwachidule, anthu omwe anasankha kapitawo wachiwiri atha zaka zambiri akulemba ntchito makalaliki oitana mayina m'mamawa. Ife tangofika kumene, makalalikiwo tawapeza aulere, ndiye tikuwathamangitsa.

Amene amazimitsa machenjezowa ali ndi mfundo, ndipo sindiinyoza. Amati editor imanama. Zoona, nthawi zina imanama. Python imalola kuti dzina libadwe pulogalamu ili mkati moyenda, ndipo editor, yomwe imawerenga osayendetsa, singalione dzina lotero. Mukalemba from chakuti import * mwalowetsa gulu la mayina osawatchula, ngati lole yatsitsa aganyu pageti popanda mndandanda, ndipo Pyflakes imanena poyera kuti pamenepo singathenso kudziwa dzina lomwe lilipo ndi lomwe kulibe. Nthawi zina editor ikuyang'ana Python ina pomwe inu munaika zida zanu mu ina, ndiye imajambula mizere pansi pa zinthu zabwinobwino. Munthu akaona timizere khumi, tisanu ndi tinayi tabodza, amatopa. Ndi matenda a Word omwe aja.

Koma taonani kusiyana kwake. Word ikajambula mzere pansi pa "kumunda", palibe chomwe mungakonze m'chiganizo chanu, cholakwa chili m'dikishonale. Editor ikanama pa code, kawirikawiri pali chomwe mungachite, ndipo chimenecho chimakonzanso code yanu. Chotsani kanyenyezi kaja, tchulani mayina omwe mukulowetsa limodzi ndi limodzi. Ilozereni editor Python yoyenera. Pomwe mwatsimikiza kuti dzina lidzabadwa pulogalamu ikuyenda, zimitsani chenjezo pa mzere umodzi womwewo, n'kulemba chifukwa chake pambali kuti wobwera pambuyo panu asavutike. Kalaliki akafunsa za munthu amene ali m'munda koma mulibe m'buku, yankho ndi kumulemba munthuyo, osati kumulanda kalaliki cholembera. Cholinga ndi chakuti tsamba likhale loyera, kuti kamzere kamodzi kakatulukira maso adzidzimuke.

Anzanga a humanities ambiri sitilemba n'komwe mu editor, timalemba mu Jupyter kapena Google Colab, ndipo kumeneko msampha wake ndi wina. Notebook imakumbukira. Mwalemba dzina m'kabokosi kachitatu, mwayendetsa, kenako mwakafufuta kabokosiko, koma dzinalo likadali m'mutu mwa kompyuta mpaka mutaizimitsa. Zonse zikuyenda bwino pa laputopu yanu. Mwatumiza kwa supavaiza, iye watsegula, NameError. Si inu nokha. Mu 2019 João Felipe Pimentel ndi anzake anafufuza ma notebook oposa miliyoni imodzi a pa GitHub. Mwa omwe anayesa kuwayendetsanso, pafupifupi 24 pa 100 alionse ndi amene anafika kumapeto osaima, ndipo pafupifupi 4 okha ndi amene anatulutsa zotsatira zofanana ndi zoyamba zija. NameError inali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu. Mankhwala ake ndi batani limodzi loyambitsanso notebook ndi kuyendetsa mabokosi onse kuchokera pamwamba, musanatumize kwa aliyense. Za ChatGPT ndingonena mwachidule: imalemba code yooneka bwino, ndipo nthawi zina imaitana function yomwe kulibe ndi nkhope yosachita manyazi. Mukamata code yomwe simunalembe nokha, kamzere kaja ndi mboni yokhayo yomwe muli nayo.

Sindikunena kuti tsamba loyera ndi pulogalamu yolondola. Editor imadziwa ngati dzina lilipo, siidziwa ngati ndi loyenera. Mukachulukitsa makilo a dzulo m'malo mwa a lero, mayina onse alipo, kamzere sikatuluka. M'kaundula mukakhala anthu awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi, zomwe kwathu sizachilendo, n'kupatsa wina makilo a mnzake, palibe Pylance ingakuuzeni. Zimenezo zimafuna kuti mupite pasikelo mukafunse kalaliki kuti iye amawasiyanitsa bwanji, ndipo mupeza kuti ali ndi njira yake yomwe palibe anailemba paliponse. Apa ndi pomwe ife a humanities tili ndi mwayi, chifukwa kufunsa anthu ndiyo ntchito yomwe tinaphunzira. Koma zingakhale zomvetsa chisoni kutha sabata mukufunsa anthu mafunso anzeru, kenako ntchito yonse n'kugwa chifukwa cha "n" imodzi yomwe kompyuta inakulozerani tsiku loyamba.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi omwe ayamba kutiphunzitsa Python m'makalasi a njira zofufuzira. Phunziro loyamba lisathere pa print("Hello"). Lembani dala dzina lolakwika mkati mwa if yosayenda, yendetsani pulogalamu pamaso pa kalasi ione kuti yadutsa bwino, kenako lozani kamzere. Ndi mphindi zisanu zokha. Pochonga asayinimenti, yendetsani pyflakes pa fayilo ya wophunzira aliyense. Ndi kachida kakang'ono, mukakaika kamodzi sikafunanso intaneti, ndipo kamayenda ngakhale pa laputopu yakale ya kaunjika yomwe imalira ngati chigayo ikatsegula VS Code. Fayilo yomwe yatulutsa "undefined name" ibwezedwe isanachongedwe, monga momwe mumabwezera nkhani yotchula buku lomwe mulibe pa mndandanda wa kumapeto. Ndipo wophunzira akabweretsa kapulogalamu ka malipiro komwe wakayesa ndi makilo a mu July okha, mupatseni a mu January ayendetse muli pomwepo.